Kusiya kulipiritsa pa ola: momwe mungaikire kasitomala pa malipiro a pamwezi

Munthu wogwira ntchito payekha, kaya ndi wokonza mawebusaiti, wojambula, wolemba nkhani za makampani kapena wosunga mabuku a ndalama, akamalipiritsa pa ola sadziwa kuti mwezi wamawa alandira zingati. Kasitomala nayenso sadziwa kuti invoyisi ibwera ya ndalama zingati, moti nthawi zina amaibisa ntchito yofunika poopa kuti maola achuluka. Malipiro okhazikika a pamwezi, amene ambiri amawatchula kuti retainer, amachotsa nkhawa ziwiri zonsezi. Koma musanatumize uthenga uliwonse, mvetsani chinthu ichi: mukamalipiritsa pa ola, ntchito ikachuluka amene amatulutsa ndalama zambiri ndi kasitomala. Mukayamba kulandira pamwezi, ntchito ikachuluka amene mumaluza ndinu. N'chifukwa chake mtengo uyenera kuchokera m'maola amene munalembadi, ndipo malire a ntchito ayenera kukhala olembedwa.

Kasitomala woyenera

Si aliyense amene angaikidwe pa malipiro a pamwezi. Woyenera ndi amene mwagwira naye ntchito miyezi yosachepera 6, ntchito yake imabwera mwezi uliwonse, ndipo amalipira pa nthawi yake. Amene amakuitanani kawiri pa chaka musiyeni pa ola. Amene ali ndi ntchito imodzi yokhala ndi chiyambi ndi mapeto, monga kumanga webusaiti yatsopano, mpatseni mtengo wa ntchito yonseyo. Ndipo amene amachedwa kulipira invoyisi yaing'ono sadzasintha chifukwa mwamupatsa yaikulu.

Yambani ndi maola, osati ndi mtengo

Tsegulani pomwe mumalemba nthawi yanu. Ngati mumagwiritsa ntchito Toggl Track, Clockify kapena Harvest, tulutsani lipoti la kasitomala ameneyo la miyezi 6 yapitayi, kapena 12 ngati ntchito yake imasintha ndi nyengo. Ngati simulemba nthawi, musasinthe kaye chilichonse. Lembani kwa miyezi iwiri kapena itatu, mpaka mphindi 15 zilizonse, kenako mubwerere ku nkhaniyi. Kuganizira maola m'mutu kumapusitsa, ndipo kawirikawiri munthu amatchula ochepa poyerekeza ndi amene anagwiradi.

Tiyerekeze kuti maola a miyezi 6 ndi awa: 14, 22, 17, 31, 16 ndi 20. Onse pamodzi ndi 120, kutanthauza avereji ya maola 20 pamwezi. Musathamangire kuchulukitsa 20 ndi mtengo wa ola. Yang'anani kaye mwezi wa maola 31 uja. Chinachitika n'chiyani? Ngati inali ntchito yapadera imene sidzabweranso, ichotseni, ndipo m'mgwirizano ntchito za mtundu umenewo zizilipiridwa padera. Koma ngati mwezi wotere umabwera nthawi ndi nthawi, monga potseka chaka cha ndalama kapena kampani ikamatulutsa katundu watsopano, usiyeni m'chiwerengerocho chifukwa udzabweranso.

Kenako wonjezerani maola amene simunawalembe pa invoyisi. Alipo, ndipo aliyense ali nawo: foni ya mphindi 10 imene inatha mphindi 40, mauthenga a pa WhatsApp oyankha usiku, kufufuza fayilo imene kasitomala anataya, kulemba invoyisi yeniyeniyo. Pa chitsanzo chathu tinene kuti amakwana maola awiri pamwezi. Ndiye kuti ntchito yeniyeni ndi maola 22.

Ngati ola lanu ndi 50, m'ndalama iliyonse imene mumalandira, maola 22 akupereka 1,100. Pamwamba pake ikani pafupifupi 10 peresenti. Imeneyi si ndalama yongowonjezera mwadyera. Ndi mtengo wosungira kasitomalayo malo pa kalendala yanu, malo amene mudzakanira anthu ena. Zikukwana 1,210, ndipo mutha kutchula 1,200.

Pali msampha wina wa masamu umene umagwira anthu ambiri. Kasitomala akanena kuti akufuna maola 5 pa sabata, munthu amachulukitsa ndi 4 n'kupeza 20. Koma chaka chili ndi masabata 52, ndipo mukawagawa m'miyezi 12 mwezi umodzi uli ndi masabata 4.33. Maola 5 pa sabata ndi maola 260 pa chaka, pomwe inu mwalipiritsa 240. Maola 20 otsalawo ndi mwezi wathunthu umene mwagwira ulele.

Mukugulitsa chiyani kwenikweni?

Malipiro a pamwezi ali mitundu itatu, ndipo mikangano yambiri imayamba chifukwa inu mukuganiza mtundu wina, kasitomala akuganiza wina.

Woyamba ndi wogulitsa maola: ndalama zakuti, maola osapitirira akuti pamwezi. Ndi wosavuta kufotokoza kwa munthu amene anazolowera kulipira pa ola, ndipo ndi woyenera ntchito zosadziwikiratu, monga kukonza zowonongeka pa webusaiti. Kuipa kwake n'kwakuti mukadali womangidwa ku wotchi. Mukaphunzira kugwira ntchito msanga, phindu limapita kwa kasitomala, amene amangodzaza maola otsalawo ndi zina.

Wachiwiri ndi wogulitsa zotuluka: nkhani 4 za mawu osapitirira 1,000 iliyonse, kalata imodzi ya pa imelo, zithunzi 12 za pa Facebook ndi Instagram, lipoti limodzi. Apa maola sawonekera n'komwe pa invoyisi. Ntchito imene inkakutengerani maola 22 ikayamba kutha m'maola 16, ola lanu lakwera kuchoka pa 54 kufika pa 75 popanda kukambirana ndi wina aliyense. Ngati ntchito yanu imabwerezabwereza ndipo ikhoza kuwerengedwa, sankhani umenewu. Ndi umene umapereka mphoto ku luso.

Wachitatu ndi wogulitsa kupezeka kwanu: kasitomala amalipira kuti akakufunani muzipezeka mkati mwa nthawi yakuti, kaya pakhale ntchito kapena ayi. Umayenera alangizi ndi anthu osamalira makompyuta a kampani. Umafuna kukhulupirirana kwakukulu, ndipo sibwino kuyamba nawo.

Kwa kasitomala amene akuchokera pa ola, njira yabwino nthawi zambiri ndi kusakaniza iwiri yoyambayo. Lembani zotuluka zodziwika, ndipo muikepo maola ochepa, monga atatu, a tinthu tating'onoting'ono tosayembekezeka.

Zolemba m'mgwirizano

Apa ndi pamene muyenera kutayapo nthawi. Mgwirizano suyenera kukhala wautali, masamba awiri amakwana, koma chiganizo chilichonse chiyankhe funso limene lidzabuka tsiku lina.

Lembani zimene zili mkati ndi manambala. Mawu oti "kusamalira webusaiti" alibe malire. Kasitomala akhoza kuikamo chilichonse, ngakhale kumanga sitolo ya pa intaneti. Lembani kuti: kukonzanso WordPress, pulogalamu yoyendetsera webusaiti, ndi mapulagini ake kamodzi pa sabata, kusunga kope la webusaiti tsiku lililonse, kusintha mawu kapena zithunzi pa masamba omwe alipo kale kosapitirira ka 8 pamwezi. Kenako lembani zimene zili kunja, ndipo muzitchule mayina: masamba atsopano, kusintha maonekedwe onse, kusamutsa webusaiti, kujambula logo. Anthu ambiri amadumpha mndandanda wachiwiriwu poopa kuoneka ouma mtima. Koma ndi umene umakupulumutsani, chifukwa pempho likabwera simukana munthu, mumangomusonyeza mzere umene anasainira.

Lembani kuti ntchito iliyonse ikonzedwa kangati. Kawiri n'kokwanira. Kachitatu kalipiridwe pa ola.

Lembani mtengo wa ola lowonjezera, ndipo ukhale wokwera kuposa wa mkati mwa mgwirizano. Pa chitsanzo chathu ola la mkati lili pa 54, ndiye lowonjezera likhale 60 kapena 65. Likakhala lotsika kapena lofanana, kasitomala alibe chifukwa chosankhira mlingo woyenera wa maola a pamwezi. Adzatenga waung'ono n'kumawonjezera mmene wafunira, ndipo kalendala yanu idzasokonekera monga kale. Lembaninso kuti simudzagwira ola lowonjezera popanda chilolezo cholembedwa. Maola akafika pa 80 peresenti, omwe ndi pafupifupi 18 mwa 22, tumizani uthenga waufupi: "Maola a mwezi uno atsala 4. Ntchito zotsala ndi izi zitatu. Tiyambe iti, ndipo zinazo zidikire mwezi wamawa kapena tiziwonjezere?" Invoyisi yodzidzimutsa ndi imene imapha mgwirizano, osati kukula kwa ndalama.

Nkhani ya maola otsala ndi imene imavuta kwambiri. Kasitomala adzafunsa kuti, "Ndikapanda kugwiritsa ntchito maola onse, apita kuti?" Yankho loyera n'lakuti amatha ndi mweziwo, chifukwa chimene analipira ndi malo pa kalendala, ndipo malowo munawasunga. Ngati mukufuna kumufewera, lolani kuti gawo limodzi mwa magawo anayi lipite ku mwezi wotsatira wokha, kenako lithe. Musalole kuti aziunjikana popanda malire. Taonani mmene zimathera: kasitomala akusiya maola 6 mwezi uliwonse kwa miyezi 4, ndiye kuti ali ndi 24 osungidwa. Mwezi wachisanu akubwera ndi ntchito yaikulu n'kufuna maola 46, pomwe ndalama za maola 24 aja munadya kale ndipo sabata zanu mwalonjeza anthu ena.

Lembani nthawi yoyankha ndi njira yolankhulirana. Mwachitsanzo, uthenga woyankhidwa mkati mwa tsiku limodzi la ntchito, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo ntchito yaing'ono yotha mkati mwa masiku atatu. Kuyankha ndi kumaliza ndi zinthu ziwiri zosiyana, zilembeni padera. Mapempho onse azidzera pa malo amodzi, kaya ndi imelo kapena bolodi la Trello kapena Asana. Pempho lonenedwa pa foni lilembedwe kaye lisanawerengedwe. Ngati kampaniyo ili ndi anthu ambiri, tchulani munthu mmodzi amene ali ndi mphamvu yokupatsani ntchito. Kupanda kutero anthu asanu adzakutumani, aliyense akuganiza kuti maola onse ndi ake.

Malipiro azibwera mwezi usanayambe, osati utatha. Invoyisi ituluke pa 25, ndalama zifike pa 1, ndipo zikachedwa masiku 7 ntchito iime mpaka zitalowa. Stripe, PayPal, QuickBooks ndi FreshBooks zonse zimatha kutumiza invoyisi yobwerezabwereza pazokha, ndipo zina zimadula ndalama pa khadi la kasitomala ngati wavomereza. Tchulani mtundu wa ndalama, amene alipire zodula za banki, komanso ngati msonkho uli mkati mwa mtengo kapena pamwamba pake.

Pomaliza lembani kutalika kwa mgwirizano ndi njira yotulukira: miyezi itatu yoyeserera, kenako mwezi ndi mwezi, aliyense akhoza kuthetsa atapereka chidziwitso cha masiku 30. Musaiwale tchuthi chanu. Nenani kuti mudzapuma masabata angati pa chaka, mudzadziwitsa masiku angati zisanachitike, ndipo ntchito ya nthawiyo idzagwiridwa pasadakhale kapena ndi munthu wina.

Kulankhula ndi kasitomala

Nthawi yabwino ndi pamene mwangomaliza ntchito imene yamusangalatsa, kapena pamene kampani yake ikukonza bajeti ya chaka. Nthawi yoipa ndi pamene mwangolakwitsa, kapena pamene ali ndi ngongole kwa inu. Mpatseni masiku 30 mpaka 45 kusintha kusanayambe. Yambani ndi kukambirana pakamwa, pepala libwere pambuyo pake tsiku lomwelo.

Musayambe ndi vuto lanu. Zoti mukufuna ndalama zodziwika mwezi uliwonse n'zoona, koma si chifukwa choti iye asinthire. Yambani ndi manambala ake. Uthenga ukhoza kuyenda chonchi:

"Mayi, ndayang'ana ntchito imene tagwira limodzi miyezi 6 yapitayi. Mwezi wotsika munalipira 700, wokwera 1,550, ndipo mwezi uliwonse mumadikira invoyisi kuti mudziwe. Ndikupempha kuti kuyambira pa 1, mwezi wamawa ukatha, tigwirizane ndalama imodzi ya 1,200. Mkati mwake muli ntchito zonse zimene timachita kale, mafoni ndi mauthenga osawerengedwanso padera, kuyankhidwa mkati mwa tsiku limodzi, ndi lipoti kumapeto kwa mwezi. Tiyese miyezi itatu, kenako tikhale pansi tione manambala. Mungapeze mphindi 20 sabata ino kuti tikambirane?"

Kasitomala wochenjera adzawerengera n'kuona kuti avereji yake inali 1,000 ndipo inu mukutchula 1,200. Musabise zimenezo, ndipo musapepese. Fotokozani kuti 200 yowonjezerayo ndi ya maola awiri amene kale simunkalemba, komanso ya kukhala patsogolo pa mzere. Zimathandiza kumupatsa milingo iwiri kapena itatu, monga maola 15, 22 ndi 30, iliyonse ndi mndandanda wake. Funso limasintha kuchoka pa "ndivomere kapena ndikane" kukhala "nditenge uti".

Akapempha kuti mutsitse mtengo, tsitsani ntchito, osati mtengo wokha. "Pa 1,000 ndingathe, koma tichotsa lipoti ndi nkhani imodzi." Kutsitsa mtengo popanda kuchotsa kanthu kumamuphunzitsa kuti nambala yanu yoyamba sinali yoona. Ngati mukufunadi kumuchotserako, chikhale chosinthana ndi chinthu chogwirika, monga 5 peresenti akalipiriratu miyezi itatu.

Akakana, musakakamize. Pitirizani pa ola, koma yambani kulemba maola onse, ngakhale a mafoni, ndipo muuzeni kuti amene ali pa malipiro a pamwezi ndi amene amayamba kuthandizidwa. Invoyisi ziwiri kapena zitatu zikadutsa, bweretsaninso nkhaniyo.

Tsiku losinthira

Tsekani za kale musanatsegule zatsopano. Tumizani invoyisi yomaliza ya pa ola, ilipiridwe, ndipo ntchito iliyonse imene ili pakati mulembe kuti ikuthera mbali iti. Mukasiya zimenezi, kasitomala adzaganiza kuti ntchito imene inali pakati ija yalowa mu 1,200 yoyamba. Dziwaninso kuti pa kusinthaku invoyisi ziwiri zimakumana, yomaliza ya pa ola ndi yoyamba yolipiriratu. Muuzeni pasadakhale kuti asadabwe. Kuyamba pa 1 n'kosavuta, koma ngati mwayamba pakati pa mwezi gawani ndi masiku: 1,200 pa masiku 30 ndi 40 pa tsiku, ndiye masiku 12 ndi 480.

Ngati munakumana ndi kasitomalayo pa Upwork, webusaiti yopezerapo ntchito, musangomutulutsa n'kumakalandira ndalama kunja. Malamulo awo amafuna kuti malipiro azidzera pa Upwork kwa zaka ziwiri, pokhapokha mutalipira ndalama yotulukira, ndipo kuphwanya zimenezi kukhoza kutseketsa akaunti yanu. Sinthani mtundu wa mgwirizano mkati momwemo.

Zimene zimawonongeka pambuyo pake

Choyamba ndi kukula kwa ntchito mwakachetechete. Sikubwera ndi pempho lalikulu, kumabwera ndi "kanthu kakang'ono chabe". Lero n'kusintha mtundu wa batani, mawa n'kuona kalata imene wina walemba, mkuja n'kukhala nawo pa msonkhano wa ola limodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mankhwala ake ndi kupitiriza kulemba nthawi ngakhale kasitomala sakuonanso maolawo. Kumapeto kwa mwezi gawani malipiro ndi maola amene mwagwiradi. Mukagwira maola 30 pa 1,200, ola lanu latsika kufika pa 40, kutanthauza kuti mwadzidula 20 peresenti kuchokera pa 50 wakale uja osadziwa. Mukapitirira mlingo ndi 15 peresenti miyezi iwiri yotsatizana, musadikire kutha kwa chaka. Konzani msonkhano, sonyezani manambala, ndipo mukweze mlingo kapena muchepetse ntchito.

Chachiwiri ndi chosiyana ndi choyambacho, ndipo anthu sachiyembekezera: kasitomala wachete. Mwezi wadutsa osakutumani kanthu, inu mukusangalala kuti mwalandira ndalama zopanda thukuta. Ameneyo ndi amene atsala pang'ono kuchoka. Tsiku lina wosunga ndalama wa kampaniyo adzaona 1,200 ikutuluka mwezi ndi mwezi n'kufunsa kuti ikugula chiyani. Pa ola, invoyisi yokha inkasonyeza ntchito. Pamwezi iyenera kusonyezedwa ndi inu. Tumizani lipoti la tsamba limodzi: zimene zachitika, zimene zapewedwa, zimene mukulangiza mwezi wamawa. Maola akatsala ambiri pofika tsiku la 15 la mwezi, mupatseni mfundo ziwiri za ntchito imene ingamuthandize. Ngati miyezi itatu yadutsa akugwiritsa ntchito theka lokha, mulangizeni nokha kuti atsikire pa mlingo waung'ono. Kutaya 300 pamwezi kuli bwino kusiyana ndi kutaya kasitomala yense.

Chachitatu ndi kulonjeza anthu ambiri. Makasitomala anayi a pamwezi akhoza kufuna maola awo onse sabata imodzi, kawirikawiri yomaliza ya mwezi. Musagulitse maola anu onse. Siyani gawo limodzi mwa magawo atatu la kudwala, zadzidzidzi ndi kufunafuna ntchito yatsopano. Mutha kulembanso kuti maola a pamwezi agawidwe, osapitirira 8 pa sabata, ndiponso kuti mapempho ofika pambuyo pa 25 akhoza kulowa mwezi wotsatira.

Chachinayi n'cha malamulo. Munthu wolandira ndalama yofanana mwezi uliwonse kwa kampani imodzi, wouzidwa nthawi yogwirira ntchito, wogwiritsa ntchito zipangizo za kampaniyo, amayamba kuoneka ngati wolembedwa ntchito, ndipo okhometsa msonkho m'mayiko ambiri amayang'ana zimenezi. Ku United Kingdom kuli malamulo otchedwa IR35, amene anayamba mu 2000, ndipo kuyambira mu April 2021 makampani apakati ndi akuluakulu omwe si a boma ndi amene amagamula ngati munthu wotere ali ngati wolembedwa ntchito kapena ayi. Ku United States bungwe lokhometsa msonkho la IRS limayang'ana kuti ndani amalamulira kagwiridwe ka ntchito ndi ndalama zake. Choncho m'mgwirizano lembani kuti nthawi ndi malo ogwirira ntchito mumasankha nokha, zipangizo ndi zanu, ndipo muli ndi ufulu wogwirira anthu ena. Zolembedwazo zigwirizane ndi zochitika, chifukwa pakabuka mlandu amayang'ana mmene munkagwirira ntchito, osati pepala lokha. Ngati kasitomala mmodzi akukupatsani ndalama zoposa theka la zonse zimene mumapeza, funsani katswiri wa msonkho wa m'dziko lanu musanasaine.

Mtengo wa pamwezi umakonda kuuma pamalo amodzi kwa zaka, chifukwa palibe amene amafuna kuyambitsa nkhani. Ikani m'mgwirizano kuti mtengo udzaunikidwa kamodzi pa miyezi 12, ndi chidziwitso cha masiku 60, ndipo lembani tsikulo pa kalendala yanu tsiku lomwe mwasaina.